Kodi n'zoona kuti geni yanga ya kaunjika inabadwira m'kalata ya mabishopu ya 1992?

Nachisale wa ku Limbe

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndili ndi funso lomwe landikhala pamtima kuyambira sabata yatha.

Ine ndinabadwa mu 1999. Ndimagulitsa kaunjika mu Limbe, makamaka majinzi ndi mathalauzi a azimayi. Lachinayi lapitali agogo anga, mayi awo a mayi anga, anabwera kuchokera ku Chiradzulu kudzaonetsa maso kuchipatala, ndiye anagona kwathu. Madzulo ndinatsegula belo pabalaza, n'kuyamba kupatula zabwino ndi zong'ambika. Agogo anangokhala duu pampando, akundiyang'ana ndi diso limodzi lija limaonali. Kenako anati, "Iwe, ukudziwa kuti katundu yenseyu akanakumangitsa? Uzithokoza mabishopu."

Ndinaseka, ndimayesa akucheza. Koma iwo anaumirira kuti zonse zimene ndikuchitazi, kuvala buluku, kugulitsa m'tauni, kukangana za ndale pa WhatsApp, zinayamba tsiku limodzi m'tchalitchi, pomwe wansembe anawerenga kalata. Kusukulu tinaphunzira za riferendamu, inde, koma zinali zongoloweza kuti tikhoze mayeso. Mutu wanga sukugwira kuti pepala lowerengedwa pa Misa lingasunthe boma lomwe linakhala zaka 30. Ndipo ngati linasunthadi, geni ngati yangayi ikukhudzana nalo bwanji? Amene munaliko, tandiuzeni. Agogo akayamba nkhani amakathera ku nyimbo za kwaya.

Mphunzitsi Wopuma

Mwanawe, agogo akowo sakunama, ngakhale afupikitsa nkhani yaitali.

Ine ndinalimo m'tchalitchi tsiku limenelo, pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti. Ndinali ndi zaka 31, ndikuphunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina m'boma la Zomba. Bambo mfumu atamaliza Uthenga Wabwino sanalalikire. Anangoti lero kuli kalata yochokera kwa abusa athu, n'kuyamba kuwerenga. Poyamba anthu ankangomvera monga mwa masiku onse, ena akusinza. Inanena za masukulu odzaza, za zipatala zopanda mankhwala, za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito pomwe ena ochepa akulemera. Itafika pa anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, pa kukakamiza anthu kupereka mphatso ndi kugula makhadi a chipani, ndinaona bambo wina kutsogolo kwanga akutsitsa mutu ngati wina akufuna kumuponya mwala. Ngakhale makanda anakhala ngati amva, tchalitchi chonse zii.

Ufunika umvetse chinthu chimodzi. M'kalatamo munalibe chachilendo. Tonse tinkadziwa kuti khadi la chipani unkafunsidwa pachipata cha msika ndi pokwera basi, ndipo ine ndinaonapo mayi woyembekezera akuuzidwa kuti agulirenso mwana wa m'mimba. Tonse tinkadziwa kuti nduna zitatu ndi phungu mmodzi anafera ku Mwanza mu 1983 ndipo nkhani ya ngozi ya galimoto ija palibe ankaikhulupirira. Koma zimenezi unkanena ndi mkazi wako yekha, usiku, nyali utazimitsa. Chachilendo chinali kuzimva mokweza, masana, pakati pa anthu mazanamazana, ndiponso kudziwa kuti ola lomwelo zikuwerengedwa kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Tsiku limenelo aliyense anazindikira kuti mnzake wokhala naye benchi limodzi nayenso watopa. Mantha athu ankadalira kuti aliyense adziona ngati ali yekha.

Boma linati kalatayo ndi youkira, wopezeka nayo amangidwe. Mabishopu, motsogozedwa ndi Akibishopu James Chiona, anaitanidwa kupolisi. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inayatsidwa moto. Yanga ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuisomeka kudenga la khitchini, inakhala komweko mpaka mwaye unaidetsa.

Kuchoka apo zinthu zinangoti motsatizana. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumsewu kugwirizana ndi mabishopu. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe n'kumangidwa pabwalo pomwepo. Mu Meyi ogwira ntchito kufakitale ya nsalu ya David Whitehead anayamba sitalaka, inafalikira mu Blantyre monse, masitolo a PTC anaswedwa, anthu oposa 30 anafa. Mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga bungwe la Public Affairs Committee (PAC) loti lizikambirana ndi boma za kusintha. Mu Okutobala a Kamuzu analengeza riferendamu. Pa 14 Juni 1993 tinaima pamzere, kusankha pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo anthu 63 pa 100 aliwonse anasankha nyali. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi anapambana.

Tsono gawo langa monga mphunzitsi ndi ili. Boma latsopano linathetsa fizi kupulayimale chaka chomwecho. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni pa teremu imodzi. Ine ndinatsekera sukulu ndili ndi ana 60 m'kalasi, potsegulira ndinapatsidwa Sitandade 1 ya ana oposa 200 pansi pa mtengo wa mango, bolodi nditakoleka pa nthambi. Ena anali anyamata a ndevu zoyamba. Analemba aphunzitsi ambirimbiri osaphunzitsidwa, kuwapatsa maphunziro a masabata ochepa n'kuwaponya m'kalasi. Anthu amati maphunziro analowa pansi kuyambira pamenepo, ndipo sindingatsutse kwenikweni. Koma ndikakumana ndi mayi wogulitsa tomato akulemba ngongole za makasitomala m'kope, n'kundiuza kuti ndinamuphunzitsa pansi pa mtengo uja, ndimadziwa kuti pakanakhala fizi bambo ake akanatumiza mlongo wake yekha.

Make Tadala

A Mphunzitsi afotokoza za akuluakulu, ine ndiyankhe za buluku, poti ndi zimene wafunsa, mng'ono wanga.

Lamulo linalipodi, la 1973. Mkazi osavala thalauzi, osavala siketi yoonetsa mawondo. Amuna osasunga tsitsi lalitali, ndipo mabuluku otambalala kumapazi aja ankaletsedwanso. Ngakhale azungu odzaona dziko ankauzidwa pabwalo la ndege kuti amange chitenje. Ine nthawi imeneyo ndinali taipisiti pa ofesi ina mu Blantyre. Ndikukumbukira mnzanga anatidzera tsiku lina akulira, anyamata a chipani atamusomola mpendero wa siketi pa depoti kuti italike. Siketiyo inali yabwinobwino, kungoti iye anali wamtali.

Lamulolo linachotsedwa chakumapeto kwa 1993, riferendamu itadutsa. Thalauzi langa loyamba ndinagula mu 1994, lakuda, kwa mayi wina amene ankapita ku Harare pa basi kukaoda. Ndinalisunga m'sutikesi miyezi iwiri. Tsiku lomwe ndinalimba mtima, ndinamanga chitenje pamwamba kuchoka ku Ndirande mpaka pakhomo la ofesi, kenako n'kuchipinda kuika m'chikwama. Apongozi anga atamva anatumiza uthenga kwa amuna anga kuti akufuna kudziwa kuti pakhomopo mwamuna ndani.

Ndiye usaganize kuti lamulo litachoka mitima ya anthu inasintha tsiku lomwelo. Mu Januwale 2012, patatha zaka 18, anyamata ena ogulitsa mumsewu anavula azimayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Tinasonkhana ambiri mu Blantyre titavala mathalauzi dala, ine ndi mwana wanga wamkazi limodzi. Anyamata amenewo ambiri 1993 anali asanayambe n'komwe sukulu, lamulo la 1973 sanaliwerengepo. Analitengera kunyumba, kwa malume awo.

China chimene chimandiseketsa ndi ichi. Ife tinkatengedwa pa lole kukavinira Ngwazi, titavala nsalu ya nkhope yawo, ntchito n'kuima. Tinkati matipate ikabwera zimenezi zitha. Zinatha kuti? Nsalu inangosintha mtundu. Inabwera yachikasu, kenako yabuluu, kenako yaolenji, kenako tambala anabwereranso, ndipo azimayi ndi omwe aja, nyimbo ndi zomwe zija, amangochotsa dzina n'kuikapo lina. Kusiyana kwake n'koti kale ukakana unkaona zakuda, pano umapita wekha chifukwa pobwera pali kenakake ka sopo. Mayi anga aang'ono ali ndi nsalu za zipani zinayi m'sutikesi imodzi, amati mvula siidziwika kochokera.

Mwana wa Telala

Pepani a Mphunzitsi ndi amayi, ine ndilowe ndi mwendo wina. Mabishopu ndimawalemekeza, analimba mtima. Koma tikamati geni ya mtsikanayu inabadwira m'kalata ija, tikusakaniza nkhani ziwiri zomwe zinangokumana panjira.

Choyamba, ndale zenizenizo. Khoma la Berlin linagwa mu 1989, azungu anasiya kufuna abwenzi odana ndi chikomyunizimu. A Mandela anatuluka m'ndende mu 1990. Ku Zambia a Kaunda anagonja kwa a Chiluba mu Okutobala 1991, ife tikumvera pa wayilesi motsitsa mawu. Mu Meyi 1992 mayiko otithandiza anakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la othawa nkhondo. Chaka chomwecho kunali chilala choopsa, tinadya nsima ya chimanga chachikasu, kwinaku tikusunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Boma linali litapanikizika kale pakhosi. Kalata ikanabwera mu 1982, ndikukayika ngati tikanamva n'komwe kuti inalembedwa.

Chachiwiri, chomwe chikukhudza iwe mchemwali: za malonda zinayamba kusintha a Kamuzu akadali pampando. Ngongole za IMF ndi World Bank zokhala ndi malamulo ake zinayamba mu 1981. Mu 1987 anthu wamba analoledwa kugula mbewu, zomwe kale zinali za ADMARC yokha. Cha m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima fodya wa bale, yemwe anali wa maesiteti okha. Ndipo kwacha anaimasula mu Febuluwale 1994, chisankho chisanachitike. Chaka chimenecho chinayamba dola imodzi ili pa makwacha osakwana 5, pomatha inali cha m'ma 15. Kugwa kumene timalira lero, 25 peresenti mu 2022, 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi msewu womwewo. Amene anaona ndalama ya 1 tambala ikugula kanthu, lero akugwira pepala la K5,000 losakwana nkhuku.

Belo lako lija linalowa pakhomo limeneli, pomwe malamulo oitanitsira katundu kunja anafewetsedwa. Kalata ya mabishopu inatsegula kuti uvale buluku. Kuti bulukulo lichokere ku Ulaya kapena ku China litavalidwa kale, imeneyo ndi ntchito ya anthu ena ovala masuti omwe sanaponde m'tchalitchi cha agogo ako.

Ndikulankhula ndi kamtima pang'ono chifukwa bambo anga anali telala. Anali ndi makina a Singer pakhonde la sitolo ina pa Lunzu. Disembala aliyense tinkagona mochedwa, ine ndikusita ndi simbi yamakala, iwo akusoka madiresi a Khirisimasi, ndipo Januwale inali ya mayunifolomu. Anatiphunzitsa ana asanu ndi mmodzi ndi makina amenewo. Pofika 1998 anthu ankabwera ndi thalauzi la kaunjika kuti angobweza m'chiuno kapena kudula miyendo. Munthu wodziwa kudula suti yathunthu anasanduka wosoka zigamba. Fakitale ya nsalu yomwe ogwira ntchito ake anayambitsa sitalaka ya 1992 ija inafooka, boma n'kuigulitsa mu 2003. Anthu omwe anatsegula njira ndi omwe anayamba kutha ntchito. Walira mvula walira matope, inde, koma matopewo sanagwere onse mofanana.

Sindikukuda iwe, usandimve molakwa. Nanenso jekete ndavala panoli ndi lapakaunjika.

Mphunzitsi Wopuma

Mwana wa Telala, zambiri mwanenazo n'zoona, ndipo za bambo anu zandikhudza. Koma pa mfundo ya ku Paris ndikutsutsani. Azungu aja ankadziwa za akaidi andale a kundende ya Mikuyu kuyambira kale, ndalama n'kumapereka ndithu. Anaimitsa mu Meyi chifukwa mu Malichi, mu Epulo ndi mu Meyi momwemo Amalawi anali ataonetsa poyera kuti atopa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwo anangobwera kudzakankhira chitseko chomwe tinali titayamba kale kutsegula.

Ndipo pali zina zomwe IMF sikanatipatsa. Mu 1991 nyuzipepala zikuluzikulu zinali Daily Times ndi Malawi News, wayilesi inali MBC yokha, kanema kunalibe mpaka 1999. Pofika kumapeto kwa 1993 mumsewu wa Victoria munali timanyuzi tosawerengeka, tina tamasamba anayi, tina totukwana, tambiri tinafa chaka chisanathe. The Nation inayamba nthawi imeneyo ndipo ilipobe. Kenako kunabwera Capital FM, Zodiak mu 2005, ndi mawayilesi a m'madera. Lero munthu wa ku Nthalire amaimba foni pa wayilesi kudzudzula nduna, n'kutchula dzina lake ndi mudzi wake womwe. Ine zimenezi mpaka pano ndikamva thupi limachita tsembwe.

Musaiwalenso Disembala 1993, asilikali atalanda zida apayoniya pa Operation Bwezani, ena n'kuthawira ku Mozambique. Popanda zimenezo sindikudziwa ngati chisankho cha 1994 chikanayenda mwamtendere. Ndipo majaji asanu aja atafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, cha tipeksi chija, pa 3 Febuluwale 2020, anagwiritsa ntchito malamulo oyendetsera dziko omwe analembedwa chifukwa cha riferendamu. Chilema chomwe tinatengera nthawi imeneyo ndi kuvota motsata zigawo. Mu 1994 Kumpoto kunapita kwa a Chihana, Pakati kwa a Kamuzu, Kummwera kwa a Muluzi, ndipo mapu amenewo ukawaika pambali pa a zisankho zambiri zotsatira, amafanana ngati ana a mimba imodzi.

Achimwene a ku Joni

Ndikuwerenga ndili ku Johannesburg, ndangoweruka kumene. Ndiponyeko kanga kakafupi.

Inu mukukangana za 1992, koma kwathu ku Mangochi chaka chimene akuluakulu amatchula ndi 1974. Mu Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku South Africa, inagwa ku Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi anafa. A Kamuzu anaimitsa ulendo wa kumigodi, amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi. Unadzatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma ochepa, mpaka unathera mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi pofufuza kachilombo ka Edzi. Agogo anga aamuna anapita maulendo atatu. Nyumba yamalata yoyamba m'mudzi mwathu, njinga ya Humber ndi wayilesi ya galamafoni zinachokera kumeneko. Anamwalira akudikirabe ndalama zawo zina, chikalata chili m'thumba la pulasitiki.

Ndiye taonani. South Africa inavota mu Epulo 1994, ife mu Meyi 1994. Zipata zonse ziwiri zinatseguka pamodzi. Njira yomwe agogo anayenda ndi kontilakiti, ndege ndi chipatala, ife tikuyenda pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, pasipoti ya masiku 30, ntchito ya m'munda wa maluwa kapena m'shopu. Mudzi wathu sunasiye kudya za ku Joni, unangosiya kukhala ndi pepala. Mabasi obwerera kumudzi amadzaza mafiriji, mabulangete ndi ma TV, ndipo mashopu ambiri a pa Mangochi Boma ndi pa Namwera mukafufuza mpamba wake unachokera kuno. Mchemwali, ena mwa majinzi atsopano omwe akupikisana ndi belo lakowo timatumiza ndife, pepa.

Nachisale wa ku Limbe

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mundiyankha motere. A Mphunzitsi, ndawerenga yanu kawiri. Achimwene a ku Joni, majinzi anuwo ndimawadziwa, amasuluka pakachapidwa kawiri, anga ayi.

A Mwana wa Telala, yanu ndiye yandilasa. Pafupi ndi benchi langa pali madala ena ali ndi makina, ndimawatumizira makasitomala ofuna kubweza m'chiuno, K1,000 pa buluku. Zaka zitatu ndakhala nawo pamenepo sindinawafunsepo kuti kale ankasoka chiyani. Lero m'mawa ndawafunsa. Anaseka, n'kutulutsa m'kabati ya makina chithunzi chakale cha ukwati, akuti suti ya mkwati ndi madiresi onse a operekeza anasoka okha mu 1989. Ndawafunsa ngati angathe kusandutsa majinzi ong'ambika aja ndimagulitsa motaya kukhala masiketi ndi zikwama, tizigawana. Akuti ndibweretse asanu Lolemba tione.

Ndinawaimbira agogo usiku kuwawerengera zonsezi pa foni. Pa nkhani ya ku Paris anati iwo Paris sakumudziwa, amene akumudziwa ndi katekisiti wa kwawo yemwe anagona kutchire masiku atatu chifukwa cha kalata ija. Pa nkhani ya nsalu za zipani anaseka mpaka kutsokomola, akuti iwo ali nazo zitatu, yachinayi anafunditsa mbuzi itadwala. Kenako anandifunsa ngati m'belo lija munali thalauzi lotakasuka, la lamba wa mphira, loti angavale mkati mwa chitenje kukazizira mu Juni. Ali ndi zaka 78. Ndawapezera lotuwa, ndiwapatsira akabwera kudzachotsa ng'ala ya diso linalo mwezi wamawa.